Mwachedwa kulembetsa mwana? Funsani kaye chifukwa chimene malowo atsalira

Akonzi,

Tiloleni tilankhule ndi makolo kudzera m'nyuzipepala yathu ino pa nkhani imene imasowetsa tulo mabanja ambiri chaka ndi chaka, ya kufunira mwana malo pa sukulu yapulayiveti nthawi yolembetsa itadutsa kale. Tikunena makamaka za ana a zaka 11 mpaka 14, amene atsazikana ndi makalasi a ana aang'ono koma sanafike pa makalasi olembera mayeso akuluakulu. Ku America makalasi amenewa amawatcha middle school, kawirikawiri kuyambira giredi 6 kulekeza giredi 8. Ku England ndi Year 7 mpaka Year 9. Ku France ndi collège, ya zaka zinayi. Mayina ndi osiyana koma mwana wake ndi yemweyo: thupi likusintha, mawu a anzake ayamba kulemera kuposa a makolo, ndipo kwa nthawi yoyamba akuphunzitsidwa ndi aphunzitsi asanu ndi awiri kapena kuposerapo m'malo mwa mmodzi.

Kuchedwa si mlandu. Wina wasamutsidwa kuntchito pakati pa chaka, wina sukulu imene ankaidalira yamuyankha kuti pepani, wina wangozindikira kumene kuti mwana akuzunzidwa ndi anzake komwe ali. Vuto limayamba ndi phuma limene kuchedwako kumabweretsa. Kholo likangomva kuti "malo alipo" mtima umakhala pansi, n'kusolola ndalama pomwepo, osafunsa kuti malo amenewa atsala bwanji pamene kwina konse kwadzaza. Paja safunsa anadya phula.

Kuti funsoli limveke, tione kaye momwe sukuluzi zimalandirira ana. M'mayiko amene chaka cha sukulu chimayamba mu Ogasiti kapena Seputembala, sukulu zambiri zolimbiranidwa zimatseka mafomu cha mu Disembala kapena Januwale, n'kuyankha makolo cha mu Febuluwale kapena Malichi. Kumene chaka chimayamba mu Januwale, monga ku South Africa ndi ku Australia, zonsezi zimachitika chaka chapitacho chili pakati, mwinanso kale kuposa apo. Banja limodzi limalembetsa ku sukulu zitatu kapena zinayi, koma mwanayo adzakhala pa desiki imodzi yokha, n'chifukwa chake malo amatseguka katatu. Koyamba ndi pamene tsiku loti makolo avomere malo ndi kulipira dipoziti ladutsa. Kachiwiri ndi pamene fizi yoyamba yayandikira, ena n'kuona kuti sakwanitsa. Kachitatu ndi sabata yoyamba ndi yachiwiri ya teremu, aphunzitsi ataitana mayina n'kupeza kuti ana awiri atatu sanabwere. Wodziwa nthawi zitatuzi amadziwa tsiku loimbanso foni. Ziliponso sukulu zimene sizitseka mafomu, zimangolandira mpaka kalasi itadzaza.

Tsiku loyamba musalithere pa kudzaza mafomu. Fomu iliyonse ili ndi ndalama yake, ndipo kawirikawiri sibwezedwa. Imbani foni ku sukulu zisanu ndi zitatu kapena khumi, mutchule tsiku lobadwa la mwana, kalasi imene ali, ndi tsiku limene mukufuna kuti ayambe. Funso likhale lakuti, "M'kalasi yakutiyakuti muli malo angati lero?" pakuti sukulu ikhoza kukhala ndi madesiki opanda anthu m'giredi 8 pamene giredi 6 yadzaza tho. Kalasi yoyambira, imene ana onse amalowa ali atsopano, imakhala ndi malo ambiri koma amatha msanga. Makalasi apakati amatseguka pokhapokha wina atachoka. Akakuuzani kuti akuikani pa mndandanda wa odikira, funsani ngati uli ndi manambala kapena ndi gulu chabe losankhamo. Sukulu zambiri sizitsata amene anayamba kufika: akachoka mtsikana zimafuna mtsikana kuti kalasi isapendeke, ndipo m'bale wa mwana amene ali kale pasukulupo amatsogola. Funsaninso kuti chaka chatha anatengapo angati pa mndandanda wa kalasi imeneyo. Akati palibe, musaikepo mtima. Pofika madzulo a tsiku lachiwiri mukhale mutatsala ndi sukulu zitatu. Zikaposa zitatu simungaziyendere bwino m'masiku ochepa amene muli nawo.

Tsopano funso lija. Malo amatsala pa zifukwa zabwino ndi zoipa, ndipo pa foni zonse zimamveka chimodzimodzi. Mwina banja lasamuka, kapena sukulu yamanga chipinda chatsopano n'kugawa kalasi pawiri. Koma mwinanso mphunzitsi wamkulu wachoka ndipo aphunzitsi abwino amutsatira, kapena fizi yakwera modzidzimutsa, kapena m'kalasimo muli kagulu kozunza anzawo kamene akuluakulu akukalekerera, kapena sukulu yazingwa ndi ngongole moti ikulandira aliyense wobwera ndi ndalama. Palibe mlembi wa mu ofesi amene angakuuzeni zimenezi poyera, choncho funsani manambala. Kalasi imeneyi inayamba ndi ana angati chaka chatha, inamaliza ndi angati? Mwa aphunzitsi amene anaphunzitsa makalasi amenewa chaka chatha, abwerera angati? Mphunzitsi wamkulu wakhalapo zaka zingati, nanga amene anam'siyira mpando anakhala zingati? Kalasi ya ana 24 ikataya awiri pa chaka, si zachilendo. Ikataya asanu ndi awiri, pali nkhani. Sukulu imene yasintha aphunzitsi aakulu atatu m'zaka zinayi ili ndi vuto kumtunda, kwa eni ake kapena ku bodi, ndipo vuto lotero limatsikira m'kalasi ndithu. Ngati akuti atsegula kalasi yachiwiri, ndi nkhani yabwino pokhapokha mphunzitsi wake atalembedwa kale ntchito. Pemphani kuti akuuzeni dzina lake ndi phunziro limene anakaphunzira ku koleji. Mukamva kuti "tikufunafuna," dziwani kuti mwana wanu akhoza kutha mwezi akukopera manotsi olembedwa pabolodi ndi mnzake. Mutchere khutunso kayankhidwe kake. Sukulu yoyenda bwino imadziwa manambala amenewa pamtima ndipo sikwiya mukaifunsa.

Mapepala a sukuluyo muwaone ndi maso anu. Chiphaso chochokera ku boma chimanena makalasi amene aloledwa ndi malo amene sukuluyo ili. Zimachitika kuti sukulu inalembetsedwa ngati ya ana aang'ono, kenako n'kumangowonjezera makalasi chaka ndi chaka popanda chilolezo chatsopano, kapena n'kutsegula nthambi kwina ndi chiphaso chakale chomwecho. Mwana amaphunzira bwinobwino, vuto n'kudzaoneka posamuka, sukulu ina ikakana lipoti lake. Zizindikiro zokongoletsa chikwangwani nazo muzifufuze. Mabungwe monga Council of International Schools, NEASC, WASC ndi Cognia amayendera sukulu n'kuzivomereza, koma kukhala membala kapena kukhala "tili m'kati mwake" si kuvomerezedwa. International Baccalaureate (IB), bungwe lokonza silabasi ndi mayeso, inaika pa intaneti mndandanda wa sukulu zake zonse zololedwa, ndipo sukulu yolembetsedwa ndi Cambridge, bungwe lina lotere, ili ndi nambala yake ya senta yolembera mayeso. Kufufuza zimenezi ndi mphindi khumi pa foni.

Pamene mukufunsa mafunsowa, wina m'banjamo azisonkhanitsa mapepala a mwana, chifukwa ochedwa ambiri amataya malo pamenepa. Zofunika kawirikawiri ndi malipoti a zaka ziwiri zapitazi, materemu onse osadumpha, chiphaso chobadwira, khadi la katemera, zithunzi, kalata ya transifa, ndi makalata a aphunzitsi awiri, wa masamu ndi wa chiyankhulo chophunzitsira. Zimene zimavuta n'zodziwika. Sukulu yakale ili pa tchuthi ndipo mphunzitsi wa masamu sapezeka mpaka atatsegulira. Pali kangongole ka fizi kapena buku la ku laibulale losabwezedwa, ndiye ofesi yakanirira lipoti. Dzina la mwana linalembedwa mosiyana pa chiphaso ndi pa lipoti. Choncho makalata a aphunzitsi apempheni tsiku lomwelo mwaganiza zosamutsa mwana, musanadziwe n'komwe kumene akupita. Sukulu zambiri zimafuna kuti kalatayo ichoke kwa mphunzitsi kupita kwa iwo osadzera m'manja mwanu. Tengani adiresi yotumizira, ndipo pakatha masiku awiri mufunse ngati yafika. Jambulani mapepala onse bwino, muwaike m'fayilo imodzi, kuti sukulu ikaimba 10 koloko mukhale mutatumiza 11 koloko isanakwane.

Pali zina zimene makolo amabisa poopa kukanidwa: kuti mwana amavutika kuwerenga, samva bwino, ali ndi khunyu kapena mphumu, kapena anaimitsidwapo sukulu. Tikukupemphani ndi mtima wonse, musabise. Migwirizano yambiri ili ndi ndime yopatsa sukulu mphamvu yolanda malo ngati kholo linabisa zoona, ndipo zimaululika lipoti lakale likafika. Komanso sukulu imene ingamukane pa chifukwa chimenecho ndi yomweyo imene sikanatha kumuthandiza. Mukaulula, funsani mwatchutchutchu: amathandiza ana otere ndani, kangati pa sabata, m'kalasi momwemo kapena pambali, ndipo kodi thandizolo lili m'kati mwa fizi?

Za mayeso olowera tisachulukitse. Sukulu zambiri zimakonza okha a masamu, kuwerenga ndi chimangirizo, ola limodzi kapena awiri. Zina zimagwiritsa ntchito mayeso otchedwa CAT4, amene amayesa kaganizidwe ka mwana pa mawu, manambala, zithunzi ndi maonekedwe a zinthu, ndipo saloweza. Ku America kuli ISEE ndi SSAT. ISEE mwana amalemba kamodzi kokha pa nyengo iliyonse mwa nyengo zitatu, Ogasiti mpaka Novembala, Disembala mpaka Malichi, Epulo mpaka Julayi, ndiye zikavuta tsikulo palibe zobwereza sabata yamawa. Pa SSAT ya msinkhu umenewu yankho lililonse lolakwika limadula kota ya malikisi a funso limodzi, pamene pa ISEE kungolota yankho sikudula kanthu. Mwana adziwe lamuloli asanalowe. Ngati mwatsala ndi masiku asanu, mapepala awiri oyeserera, olembedwa wotchi ili patebulo, ndi okwanira. Usiku womaliza agone msanga.

Nkhani imene ochedwa amaiiwala kwambiri ndi ya silabasi. Sukulu ziwiri zikhoza kutcha kalasi dzina limodzi, koma ina ili pa mutu wachitatu, inayo pa wachisanu ndi chiwiri. Cambridge Lower Secondary ndi ya zaka 11 mpaka 14, ndipo imathera pa mayeso a Checkpoint m'sukulu zimene zimawalembetsa. Middle Years Programme ya IB, imene inayamba mu 1994, ndi ya zaka 11 mpaka 16, ndipo imatsamira pa kufufuza ndi kulemba maganizo ako, zimene zimam'zunguza mwana wozolowera kuloweza miyezi yoyamba. Zina zimatsata silabasi ya boma la dzikolo. Yoyenera mwana wanu ndi imene ikulumikizana ndi kumene akuchokera ndi kumene adzapite akakwanitsa zaka 14. Funsani kuti ana omaliza pamenepo amapita kuti, ndipo ngati sukuluyo ili ndi makalasi apamwamba, kodi amangopitirira kapena amalembanso mayeso.

Mbiri yakale kapena jogalafe mwana akhoza kuzilowa pakati osavutika kwenikweni. Masamu ndi ziyankhulo sizitero, chifukwa mutu uliwonse umakhala pa unzake ngati njerwa. Mwana amene sanagwire bwino mafulakishoni, madesimo ndi maperesenti, akalowa kalasi yomwe yayamba kale aljebura, amasochera sabata yachiwiri, n'kuyamba kunena kuti "ine masamu sindimatha," mawu amene ena amakalamba nawo. Chochita n'chapafupi. Tengani kope la masamu la mwana wanu, mupemphe mphindi 15 kwa mphunzitsi wa masamu wa ku sukulu yatsopano, alitsegule inu muli pomwepo, akuuzeni mitu imene kalasi yake yadutsa koma m'kopemo mulibe. Ikakhala iwiri kapena itatu, ndi ntchito ya mwezi umodzi kapena mwezi ndi theka, theka la ola madzulo aliwonse. Ikaposa theka la ntchito ya chaka, kambiranani zoti ayambe kalasi yotsikirapo. Chimodzimodzi Chifalansa kapena chiyankhulo china chimene anzake achiphunzira kale zaka ziwiri: kodi pali gulu la oyamba kumene? Ndipo mugwirizane kuti wom'thandiza kuti afike pamene anzake afika ndani, tsiku liti, ola lanji. "Tidzamuthandiza" wopanda dzina la munthu sachitika.

Osamuka kuchoka kumene chaka chimayamba mu Januwale kupita kumene chimayamba mu Seputembala, kapena mobwerera, ayenera kusankha kuti mwana abwereze miyezi ingapo kapena aidumphe. Pa msinkhu uwu ife timati abwereze. Sukulu zina sizikupatsani n'komwe mpata wosankha chifukwa zimatsata tsiku lobadwa; ku England malire ndi 1 Seputembala.

Musalipire musanapondepo ana ali m'kalasi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: geti lopentedwa ndi zithunzi za pa Facebook sizinena zimene zimachitika 11 koloko Lachitatu. Pemphani kufika buleki ili pafupi, ndipo mukhalepo maola awiri. Lowani m'chimbudzi cha ana, chisiyeni cha alendo. Onani ngati zitseko zimakhomeka, madzi akutuluka, sopo alipo, ndipo kwa atsikana muli potaya mapadi, pakuti ambiri amatha msinkhu pa zaka zimenezi, ndipo chimbudzi chopanda loko chikhoza kujombetsa mtsikana masiku angapo mwezi ndi mwezi. M'kalasi werengani madesiki nokha. Zija za m'kabuku zoti "mphunzitsi mmodzi pa ana 12" ena amawerengera ndi wa ku laibulale ndi mphunzitsi wamkulu yemwe. Inu mukufuna kudziwa ana amene amakhala m'chipindamo nthawi ya masamu. Pemphani kope la mwana wokhala chapakati, limene sanakukonzereni. Tsegulani kumapeto. Cholembera chofiira chinadutsamo liti? Muli machongi okha, kapena mphunzitsi analemba pamene mwana anasokonezera, mwanayo n'kukonza pansi pake? Kope limene latha masabata atatu losachongedwa lakuuzani zambiri kuposa kabuku konse. Mu labotale tsegulani mpopi, mupitise chala pa shelefu. Mabotolo akakhala ndi fumbi ndiye kuti sayansi amaiphunzirira pabolodi.

Belu la buleki likalira, imani pambali muonerere. Pabwalo pali mphunzitsi? Aphunzitsi amaitana ana ndi mayina awo? Mwana wokhala yekha pakona uja, pali wamkulu amene wamuona? Kenako funsani funso limene pa msinkhu uwu timaliona lalikulu: mwa aphunzitsi onsewa, ndani mmodzi amene adzaonana ndi mwana wanga tsiku ndi tsiku, amene ndingamuimbire zikavuta? Mwana wa zaka 12 wodutsa m'manja mwa aphunzitsi asanu ndi atatu akhoza kumalowa pansi wina aliyense akuganiza kuti mnzake akumuyang'anira. Funsaninso zimene zimachitika mwana akanena kuti akuzunzidwa: amauza ndani, kholo limadziwitsidwa pakatha maola angati, nanga zikachitikira pa WhatsApp usiku? Woyankha kuti "kuno zimenezo kulibe" sakuyang'ana. Ndipo ogwira ntchito onse, madalaivala ndi alonda omwe, amafufuzidwa mbiri yawo asanalembedwe?

Ngati zakupezani pa tchuthi, pemphani makope a chaka chatha, thayimutebulo ya kalasiyo, ndi makolo awiri oti mulankhule nawo. Amene sukulu ikupatseni adzaiyamikira, n'chifukwa chake yawasankha. Afunseni chimene akanakonda chitasintha, ndiponso ngati akudziwa banja limene linachotsapo mwana. Kukakhala kotsegula, mwanayo akakhale nawo m'kalasi tsiku limodzi. Zimene anene pobwera muzimvetsere bwino, koma chigamulo n'chanu.

Mtunda uyeseni ndi wotchi, m'mawa wa tsiku la ntchito, pa ola lenileni lonyamukira. Madokotala amati mwana wa zaka 6 mpaka 12 agone maola 9 mpaka 12, wa zaka 13 mpaka 18 maola 8 mpaka 10, ndipo mu 2014 bungwe la madokotala a ana la American Academy of Pediatrics linalangiza kuti makalasi a msinkhu uwu asayambe 8:30 isanakwane, chifukwa wachinyamata tulo timachedwa kum'gwira. Werengani tsono. Basi ikamam'tenga 6 koloko, adzuka 5:15, ndiye kuti maola 9 akwane agone 8:15 usiku, chonsecho wafika kunyumba 5 koloko ndi homuweki m'chikwama. Ola ndi theka popita, ola ndi theka pobwera, ndi maola 15 pa sabata. Sukulu ziwiri zikakhala zosasiyana kwenikweni, ife tingasankhe yapafupi. Basi nayo imadzaza payokha. Kupeza malo m'kalasi sikutanthauza kuti mwapeza mpando m'basi.

Tifike pa ndalama, pamene wochedwa amalumidwa kwambiri. Fizi yolembedwa m'kabuku si mtengo wonse. Pemphani pepala limodzi lolembapo zonse za chaka: ndalama yolowera, dipoziti, ya chitukuko, mabuku, kompyuta, yunifolomu ndi zovala zamasewero, basi, chakudya chamasana, maulendo, mayeso ochokera kunja. Funsani kuti fizi inakwera ndi maperesenti angati chaka chilichonse mwa zaka zitatu zapitazi, ndipo muwerengere zaka zonse zimene mwana adzakhalepo. Fizi yokwera ndi 10 peresenti pachaka imakhala itakwera ndi 21 peresenti pofika chaka chachitatu. Kulowetsa mwana pa sukulu imene mungaikwanitse chaka chimodzi chokha ndiko kumukonzera msamuko wachiwiri. Thandizo la fizi kawirikawiri limagawidwa pamodzi ndi mayankho oyamba, ndiye wochedwa amapeza thumba litatha. Funsani za ilo pa foni yoyamba ija, ndipo akati "chaka chamawa tidzaona," ndalama imeneyo musaiwerengere.

Mgwirizano mukauwerengere kunyumba, mutakhala pansi, ndime ndi ndime. Dipoziti imabwezedwa, imachotsedwa pa fizi yomaliza, kapena ikapita yapita? Mukafuna kuchotsa mwana muyenera kudziwitsa nthawi yaitali bwanji? M'sukulu zambiri za ku Britain ndi zotengera kumeneko lamulo ndi teremu yathunthu, mwa kalata yofika teremu yomalizayo isanayambe. Mukaphonya mumalipira teremu imene mwana sanaphunzire. M'sukulu zambiri za ku America mgwirizano ndi wa chaka chonse, wokhala ndi tsiku lomaliza limene kholo lingabwerere m'mbuyo, ndipo apa ndi pamene wochedwa amakodwa: tsikulo limakhala litadutsa iye asanasaine, moti akangosaina ali ndi ngongole ya chaka chathunthu, ngakhale sukulu imene ankaifunitsitsa itamuitana mawa lake. Ngati mukudikira yankho kwina, nenani poyera, mupemphe kuti akulembereni tsiku lanulanu, masiku 7 kapena 14 kuchokera posaina. Sukulu imene ili ndi desiki yopanda munthu kawirikawiri imalola kukambirana. Mwana akalowa teremu ili pakati, funsani ngati fizi ichepetsedwa molingana ndi masabata otsala. Ena amachepetsa mukafunsa, mukakhala chete nawonso amakhala chete. Chilichonse chimene mwalonjezedwa pakamwa chilembedwe pa mgwirizanopo kapena mu imelo. Ndalama ipite ku akaunti ya sukulu, isadzere ku akaunti ya munthu, ndipo mulandire lisiti lotchula dzina la mwana, kalasi ndi teremu.

Mudzamva mawu akuti, "Lipirani lero, pali ena akufuna malo omwewa." Mwina n'zoona. Komabe kupempha maola 48 oti muwerenge zimene mukusaina si kupempha zambiri, ndipo sukulu yokana zimenezi yakuonetsani momwe idzachitire nanu pa nkhani zina. Wokunong'onezani kuti akhoza kukukonzerani malo mukam'patsa kangachepe, m'thaweni. Malo otero sakhala ndi kalata, ndipo zikaululika wochotsedwa ndi mwana.

Musachotse mwana kumene ali musanagwire kalata yomulandira, yosainidwa, yotchula kalasi ndi tsiku loyambira. Werenganinso mgwirizano wa sukulu yakale, pakuti nayo ili ndi lamulo lake lodziwitsa, ndipo mukhoza kupezeka mukulipira sukulu ziwiri teremu imodzi. Tikuuzeninso mosabisa kuti nthawi zina chanzeru ndi kusasuntha. Ngati mwa zitatu zija palibe imene yakukhutiritsani, ndipo mwana ali pamalo otetezeka, amalize teremu kapena chaka komweko, mum'pezere wom'thandiza pa phunziro lomwe likuvuta, n'kulembetsa pa nthawi yake ku sukulu imene mukuifunadi. Koma ngati akumenyedwa, akuchitidwa nkhanza, kapena wayamba kudwala ndi mantha m'mawa uliwonse, apo musadikire. Sukulu yapafupi yolembetsedwa bwino, yokhala ndi mgwirizano wa teremu imodzi, ndi yokwanira pakadali pano.

Wolowa mochedwa amakhala ataphonya tsiku limene anzake anaonetsedwa zipinda, malamulo ndi aphunzitsi, ndipo amapeza anzakewo atasankhana kale ocheza nawo. Pemphani kuti afike tsiku limodzi asanayambe, ayende ndi thayimutebulo m'manja kuchoka chipinda ichi kupita icho, aone pomwe basi imaima. Am'patse mnzake woyenda naye sabata yoyamba, makamaka pa buleki ndi pa chakudya chamasana, nthawi zimene mlendo amasowa poima. Yunifolomu ya saizi yake ikakhala kuti inatha, tengani kakalata ka ku ofesi kuti asalangidwe pa geti tsiku loyamba. Alowe kalabu kapena timu imodzi msanga. Panganiranitu ndi mphunzitsi wa kalasi kuti mudzakumane pakatha masabata atatu, mutanyamula kope la masamu lija, muone ngati mitu inkasowa ija yaphunzitsidwa. Kudandaula masabata awiri oyamba n'kwachibadwa. Koma m'mimba mopweteka Lolemba lililonse mwezi ndi theka utatha, kapena mwana wosatha kutchula dzina la mnzake ngakhale mmodzi, ndi chifukwa chopitira kusukulu mawa lomwe. Ndipo tsiku lomwe mwasaina, lembani pa kalendala tsiku lomaliza lodziwitsa sukulu ngati mwana sadzabwerera teremu kapena chaka chotsatira, pamodzi ndi tsiku lotsekera mafomu ku sukulu ina imene munaisiya pa mndandanda.

Ife anu,
Aphunzitsi akale olandira ana m'sukulu zapulayiveti